Funsani Azakhali: Gulu la pa WhatsApp landiyambanitsa ndi bwenzi langa

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 22, ndimasoka zovala pa Santhe kuno ku Kasungu. Mnzanga anandilowetsa m'gulu la pa WhatsApp lotsogozedwa ndi mayi wina wophunzira za uphungu. Tilimo achinyamata 15, ndipo Lachisanu lililonse madzulo timakambirana za zibwenzi, kugonana ndi kulera. Ndinafunsamo chomwe chandisowetsa mtendere chichokereni kuchinamwali: anankungwi anatiuza kuti mtsikana wobayitsa jakisoni wolera asanabereke amauma chiberekero. Mayiwo anati si zoona. Tsopano bwenzi langa wagwira foni yanga, akuti gululo likundiphunzitsa uhule. Kondomu nayonso akuikana, akuti switi sadyera m'pepala. Ndimvere ndani? Ndituluke m'gulumo?

Wothedwa nzeru, Santhe

Mwananga,

Usatuluke chifukwa choti mnyamata wakwiya. Ine ndinakulira ku Kapiri, ku Mchinji, ndipo pa msinkhu wakowo ndinalibe womufunsa. Zomwe tinkamva kudambo potunga madzi ndiye zinali sukulu yathu, ndipo anzanga angapo zinawapweteka. Ndiye ndikamva kuti mtsikana wapeza poyankhulira popanda kumuseka, mtima wanga umakhala m'malo.

Za jakisoniyo mayiwo akunena zoona. Depo-Provera, amene amabaya pakatha miyezi itatu iliyonse, saumitsa chiberekero. Chomwe chimachitika n'chakuti msambo umatha kusintha kapena kusiya kumene, ndipo ukaleka kubayitsa pamatha kupita miyezi ingapo, ena pafupifupi chaka, thupi lisanayambirenso kugwira mimba. Anankungwi sanakunamizeni dala ayi. Anaona mkazi wasiya jakisoni, mwezi ukutha, wina ukutha, osaima, basi n'kumanga mfundo. Uwalemekeze pa zina zambiri zomwe anakulangiza, koma apa anaphonya.

Tsono tamvera bwino apa, chifukwa ndi pomwe pandidetsa nkhawa m'kalata yakoyi. Chomwe chimatsekadi njira ya mazira mwa mkazi nthawi zambiri ndi matenda opatsirana pogonana, monga chinzonono, akakhala m'thupi osachizidwa. Mwa akazi ambiri amakhala chete, osaonetsa chizindikiro, uku akuwononga m'kati. Jakisoni sangakuteteze ku matenda amenewa kapena ku HIV. Imateteza ndi kondomu, yomwe bwenzi lakoyo akuikana. Kusabereka komwe ukuopako kungathe kulowera pa khomo lomwe iye akufuna kulisiya lotsekula.

Gululo nalonso usalitenge ngati chipinda chotseka. Anthu 15 ndi mafoni 15, ndipo kwathu kuno foni imabwerekedwa ndi mlongo, msuweni, ngakhale wotchaja mabatire pamsika. Yako yomwe yawerengedwa kale. Zomwe walemba wina akhoza kuzijambula, mawa n'kumveka pachigayo. Funsa mafunso okhudza aliyense m'gulumo, koma nkhani ya thupi lako ndi dzina la mnyamatayo uziyankhula ndi mayiwo paokha. Chithunzi cha thupi lako usatumizire munthu aliyense, ngakhale atati ndi mlangizi. Ndipo uwafunse mayiwo komwe anaphunzira ndi amene amawayang'anira. Mlangizi weniweni sakhumudwa ndi funso limenelo.

Pa foni sangakuyeze magazi. Pita kuchipatala chapafupi kapena ku chipatala chachikulu cha Kasungu, ufunse komwe amathandizira achinyamata. Ngati munagonana kale popanda kondomu ndipo sanadutse maola 72, thamanga lero lomwe ukafunse PEP, mankhwala omwe amamwa masiku 28 kuti HIV isakhazikike m'thupi. Ufunsenso za mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi.

Mnyamatayo umuuze modekha kuti mupitire limodzi kukayezetsa sabata ino, akamve yekha kwa anamwino. Akakana kuyezetsa, n'kukananso kondomu, usagone naye, ndipo undilemberenso undiuze zomwe wayankha.

Azakhali