Yankho kwa achemwali a jamu wa nkhuyu wokana kugwira uja

Achemwali, mwati munathyola nkhuyu zokwana makilogalamu 2, munathira shuga kapu imodzi yokha poti zinali zotsekemera kale, mandimu simunathire, ndipo ngakhale munaphika mpaka mkono kuwawa, jamu anatuluka wamadzimadzi. Pano patha milungu itatu, mabotolo ena achita chuku pamwamba, ndiye mukufunsa ngati mungathiremo gelatin, ufa uja wolimbitsa jeli, kuti agwire. Gelatin musiyeni. Amalimba pozizira pokha, kukangofunda pang'ono wasungunuka, komanso si chinthu chosungira zakudya pashelefu. Chimene chinakupusitsani ndi kutsekemera kwa nkhuyuko. Lilime linakuuzani kuti zonse zilimo kale, pamene chofunika kwambiri mu jamu wa nkhuyu, madzi a mandimu, munalibe.

Jamu aliyense amagwira chifukwa cha zinthu zitatu zogwirira ntchito limodzi: pectin, asidi ndi shuga. Pectin ali m'zipatso momwemo, makamaka m'makoko ndi mozungulira njere. Zipatso zikamaphikidwa amatuluka ngati timaulusi tosaoneka ndi maso, koma timaulusi timeneti mwachibadwa timakankhana, sitifuna kuyandikana. Asidi ndi amene amathetsa kukankhanako kuti tilukane. Shuga naye amakoka madzi kuti timaulusito tipeze mpata wokumana. Chimodzi chikasowa, mudzatakasa mpaka dzuwa kulowa, mupeza manyuchi a nkhuyu basi. Tsono nkhuyu ili ndi pectin wochepa poyerekeza ndi maapozi kapena malalanje, ndipo asidi ndiye ilibiretu wokwanira. Inu munachepetsanso shuga. Pa zitatu zija, palibe ndi chimodzi chomwe chinakwana.

Nkhani ya asidiyi sikuthera pa kugwira kokha, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Kuwawasa kwa chakudya amakuyeza ndi nambala yotchedwa pH, nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka. Malire amene osunga zakudya m'mabotolo amawayang'anitsitsa ndi 4.6. Pansi pa nambala imeneyi kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum sikakula, koma pamwamba pake, m'botolo lotsekedwa mopanda mpweya, kangathe kukula n'kutulutsa poizoni amene amafooketsa thupi mpaka kupha. Zipatso zambiri zopangira jamu zili pansi pa 4.6 mwa izo zokha. Nkhuyu zambiri zili pamalire pomwepo kapena pamwamba. N'chifukwa chake malangizo a ku United States osungira nkhuyu m'mabotolo amalamula kuthira madzi a mandimu, sanena kuti thirani mukafuna. Musaganize kuti ndimu ndi lokometsera chabe.

Muyeso umene ine ndimaudalira ndi uwu: pa kilogalamu imodzi ya nkhuyu zodulidwa kale mapesi, shuga magalamu 600 ndi madzi a mandimu masipuni aakulu atatu, omwe ndi mamililita 45. Shuga mutha kumutsitsa mpaka 500 kapena kumukweza mpaka 700 malinga ndi kukonda kwanu, koma mandimuwo musawachepetse. Kapu imodzi ya shuga imalemera magalamu 200 kapena cha pompo, ndiye taonani, pa makilogalamu 2 anu aja pankafunika makapu 6, inu munathira imodzi. Ndikudziwa, makapu 6 akumveka ngati nkhanza. Koma shuga mu jamu ndi amene amamanga madzi kuti chuku ndi tizilombo tina tisawapeze. Jamu wokhalitsa amatha kuphikidwa shuga yense, wothira ndi wam'chipatso momwe, atafika pafupifupi magawo 65 pa 100 alionse.

Tibwerere kumtengo. Nkhuyu ikathyoledwa siipitiriza kupsa, imangofewa n'kuyamba kuwola, choncho yosapsa isiyeni ipsere komweko. Yakupsa imaweramira pansi, khosi lake limafota, ndipo mukaigwira imachoka mosavuta. Za jamu zabwino ndi zakupsa bwino koma zisanatepete, n'kusakanizako zochepa zongopsa kumene zolimbirako, poti zimenezo ndi zomwe zili ndi pectin wambiri. Zobiriwira zenizeni, zotuluka utomoni woyera paphesi, zimabweretsa kuwawa. Utomoni umenewonso muzisamala nawo pothyola. Muli ficin amene amadya khungu n'kuliyabwitsa, ndipo utomoni wa masamba ukakhala pakhungu inu n'kukhala padzuwa, ena amatuluka matuza ngati apsa ndi moto. Valani za manja aatali, mukatha sambani ndi sopo.

Tsukani nkhuyu mofatsa, dulani phesi, ndipo iliyonse muing'ambe pakati muone mkati. Akuluakulu sananame kuti chikomekome cha nkhuyu mkati muli nyerere. Kunsi kwa nkhuyu kuli kabowo komwe nyerere ndi tizilombo tina timalowera, ndipo timalowetsa zowolesa. Iliyonse yonunkha mosasa, yotuwa mkati kapena yochucha, tayani osaimvera chisoni, chifukwa imodzi yokha imatha kuwononga fungo la poto yense. Ndaona wina wafunsa za timavu tija amati timafera m'nkhuyu. Ndi zoona kuti mitundu ina, monga ya Smyrna, imadalira kamavu kuti ibereke, koma mitundu yofala m'minda ya panyumba monga Brown Turkey, Black Mission ndi Kadota imabereka popanda iko. Zolakatika pamano zija ndi njere. Makoko musasende, ndi amene amapatsa jamu mtundu ndi thupi. Nkhuyu zakuda zimatulutsa jamu wofiirira kwambiri, zobiriwira kunja zimatulutsa wooneka ngati uchi.

Mukaziduladula, ziikeni m'mbale yagalasi kapena yapulasitiki pamodzi ndi shuga ndi madzi a mandimu, sakanizani, vindikirani, zigone mufuriji usiku wonse. Ngati muli pachangu, maola atatu kapena anayi akwana. M'mawa mupeza shuga wayamwa madzi m'nkhuyu, zidutswa zikuyandama m'madzi awo okhuthala. Apa palibenso chifukwa chothira madzi a pampopi, omwe mukanavutika nawo kuwaphwetsa pamoto. Njere za mandimu munafinya aja ndi khungu loyera lamkati mwa makoko ake musataye. Zimangeni m'kansalu koyera kopyapyala, kaponyeni mupoto pophika, mudzakavuule pomaliza n'kukafinya ndi sipuni m'mbali mwa poto. Muli pectin wambiri waulere mmenemo, ndipo pa nkhuyu amathandiza zooneka.

Poto akhale wotakata kukamwa, wa chitsulo chosachita dzimbiri kapena wa enamelo. Wa aluminiyamu ndi wachitsulo wamba amalimbana ndi asidi, jamu amada n'kumveka kachitsulo. Ndipo musaphike zambiri nthawi imodzi. Ndikuganiza kuti makilogalamu 2 anu aja analowa mupoto mmodzi wozama, ndiye madzi ankasowa potulukira. Kilogalamu imodzi, kapena imodzi ndi theka, ndi yokwana, ndipo zisapyole theka la poto chifukwa jamu akawira amakwera. Kuphika kawiri, zochepa ulendo uliwonse, kumatha msanga kusiyana ndi kudikira chipoto chimodzi, komanso jamu akakhalitsa pamoto pectin amaphwanyika, fungo la nkhuyu limathawa, kumatsala kukoma kwa shuga wopserera.

Yambani ndi moto wochepa, mukutakasa ndi sipuni yamtengo mpaka musamvenso mchenga wa shuga pansi pa poto. Shuga akasungunuka yense, kwezani moto ziwire kwambiri, osavindikira. Poyamba pamabwera thovu loyera lopepuka, liwengeni ndi sipuni. Kenako tcherani khutu. Kuwira kwamadzi kuja, kwa timathovu tambirimbiri tothamanga, kumasintha n'kukhala kubwata kolemera, mathovu akuluakulu ophulika mwaulesi kuti phwa, phwa, n'kumathovukira kunja. Pamenepo musachoke pamoto ngakhale foni ilire. Njere ndi makoko zimamira n'kukakamira pansi, ndipo jamu wa nkhuyu sachedwa kupserera. Mukamva kafungo kopserera, musakande pansi. Khuthulirani mupoto wina zomwe zikutsika zokha, zokakamirazo zitsale. Ana akhale kutali, dontho la jamu wowira limamatirira pakhungu ndipo limawotcha kuposa madzi owira. Zidutswa zikakukulirani, ziphwanyeni ndi chophwanyira mbatata zikafewa. Ine sindikonda kuzigaya mpaka kusalala, jamu wa nkhuyu amakoma ukamapeza kachidutswa apa ndi apo.

Kuyambira pamene zawira kwambiri, nthawi zambiri pamapita mphindi 20 mpaka 40, koma wotchi musaikhulupirire kwambiri poti nkhuyu zimasiyana madzi. Amene ali ndi thermometer ya kukhitchini, jamu amagwira akafika madigiri 104 mpaka 105 a Celsius m'malo otsika kufupi ndi nyanja yamchere. Kumapiri madzi amawira msanga, digiri imodzi imatsika pa mamita 300 alionse okwera, ndiye chochita n'kuyeza kaye madzi owira pamalo anupo, n'kuwonjezerapo madigiri 4. Amene alibe, kambale ndi kokwana. Ikani timbale tiwiri mufiriza musanayambe kuphika. Jamu akayamba kulemera, phulani poto, donthezani kasipuni kamodzi pakambale kozizira, dikirani mphindi imodzi, kenako kankhani ndi chala. Akachita makwinya, njira ya chala n'kutsala yotseguka osatsekekanso, wapsa. Akabwerera pamodzi ngati madzi, bwezerani pamoto mphindi zitatu kapena zisanu, yesaninso. Potoyo muzimuphuladi poyesa, chifukwa mukamusiya pamoto, pomwe mukuyang'ana kambale jamu akupitirira. Dziwaninso kuti wa nkhuyu salimba gwa ngati wa malalanje, amakhala wofewa wopakika, ndipo amalimbirako akazizira mpaka tsiku lotsatira. Ambiri amamupyoletsa poopa kuti akadali wamadzi, mawa lake mpeni n'kumakanika kulowa m'botolo.

Za jinja, sinamoni, vanila kapena makoko a lalanje opala, zonse zimayenda bwino ndi nkhuyu, koma ulendo uno zisiyeni kaye mumve jamu weniweniyo mmene amakomera. Nkhuyu fungo lake ndi lofatsa, sinamoni akachuluka amalikwirira.

Mabotolo muwakonzeretu jamu ali pamoto. Atsukeni ndi sopo, muwawiritse m'madzi mphindi 10, akhale otentha mpaka nthawi yothira, chifukwa jamu wotentha akalowa m'botolo lozizira limasweka. Zivindikiro zikhale zatsopano kapena zopanda dzimbiri ndi zopindika, kamphira kamkati kali bwinobwino. Thirani jamu akadali wotentha, musiye mpata wa mamilimita 6 pamwamba, pukutani kukamwa kwa botolo ndi kansalu koyera konyowa, tsekani mosakakamiza. Kenako aimikeni mupoto wakuya, pansi mutayala kansalu kuti galasi lisagunde chitsulo, madzi otentha apyole zivindikiro ndi masentimita awiri kapena atatu, ndipo awire mphindi 10. Okhala pamwamba kwambiri kumapiri awonjezere mphindi 5. Kuwiritsa kumeneku kumapha chuku chomwe chinalowa pothira ndi kutulutsa mpweya kuti chivindikiro chimate. Zongozondotsa botolo kuti jamu wotentha akhudze chivindikiro ena amachita, koma sizifika pamenepa. Avuuleni, akhale osagwedezedwa mpaka mawa. Mukadina pakati pa chivindikiro n'kupeza chalowa mkati, chosadumpha, ndiye kuti lamata, ndipo pamalo ozizira amdima likhala chaka. Lomwe likudumpha lipite mufuriji, muyambe kudya limenelo. Botolo lotsegula lizikhala mufuriji, lithe pasanathe mwezi, ndipo sipuni yolowamo izikhala youma, yosakhudza batala.

Ngati shuga munachepetsa dala chifukwa cha thanzi, zimenezo n'zotheka, koma jamu wakeyo si wapashelefu. Phikani wochepa, mandimu athiridwe chimodzimodzi, akhale mufuriji milungu iwiri kapena itatu, wotsala muumitse mufiriza m'timakontena tating'ono. Palinso pectin wogulitsa wopangidwira jamu wa shuga wochepa, amene amagwira ndi calcium m'malo modalira shuga. Mukamupeza tsatirani muyeso wa papaketi yake, osati wangawu.

Tsopano mabotolo anu aja. Achuku tayani onse, osangowenga pamwamba, chifukwa m'chakudya chofewa chamadzi mizu ya chuku imalowa pansi pomwe maso sakuona. Omwe akuoneka abwinobwino nawonso, ngati akhala pashelefu milungu itatu yonseyi opanda mandimu, shuga wochepa chonchi, atayeni osalawa n'komwe, poti poizoni ndanena uja nthawi zambiri sanunkha ndipo sasintha maonekedwe a chakudya. Zimawawa, ndikudziwa, ntchito yonse ija. Akanakhala kuti anali mufuriji masiku awiri atatu okha, ndikanati abwezereni mupoto, thirani shuga wotsalayo ndi mandimu muphikenso. Magalasiwo atsukeni bwino muwawiritse, agwiranso ntchito, koma zivindikiro zake mupeze zina. Ndipo ngati mtengo watha kubereka, nkhuyu zouma nazo zimapanga jamu wabwino: dulani mapesi, zivikeni m'madzi otentha ongokwana kuzimiza mpaka zifufume, ziphikeni m'madzi omwewo ndi mandimu, shuga muchepetseko poti zouma zili naye wambiri kale, ndipo ameneyo muzimusunga mufuriji.