Kuyamba cheerleading uli ndi zaka 16: kodi ukhoza kufika ku Worlds?

Kalata iyi yachokera kwa mtsikana wa zaka 16 amene akukhala ndi makolo ake kufupi ndi Dallas, ku Texas. Ali ku Malawi ankasewera ntchemberembaye, gymnastics sanaichitepo, ndipo ngakhale cartwheel imamukhotera. Akufuna kulowa timu yopikisana ya cheerleading, masewera a kunyamulana, kugubuduka, kudumpha ndi kuvina, ndipo maso ake ali pa matimu akuluakulu amene amapita ku Worlds, mpikisano wa dziko lonse wa masewerawa. Mphunzitsi wina wamuuza kuti wachedwa, ndiye akufunsa ngati wachedwadi.

Mng'ono wanga, funso lako landikhudza chifukwa mayankho awiri amene anthu amakonda kupereka onse amaononga. Ena amangoti wachedwa, iwalako. Ena amati ukangokhulupirira basi zitheka. Oyambawo amatseka khomo lomwe silinatsekeke, achiwiriwo amakankhira mwana kukadzigwetsa chagada pa matiresi a kuchipinda mpaka kuthyoka dzanja.

Mu mpikisano wa all-star, umene ndi wa matimu a ma gym osati a sukulu, timu imapatsidwa mphindi 2 ndi masekondi 30 pa bwalo lokhala ndi masipuling'i pansi, la mapanelo 9, lotalika mafiti 54 ndi 42 m'lifupi. M'kanthawi kameneko muyenera kulowa stunt (kunyamula munthu m'mwamba), pyramid (ma stunt olumikizana), basket toss (kuponya munthu m'mwamba n'kumuwakha), tumbling (kugubuduka) yoyambira chiimire, tumbling yothamangira, kudumpha, ndi kuvina kumapeto. Bungwe la USASF, loyendetsa all-star ku America, lomwe linayamba mu 2003, linagawa zonsezi m'ma level kuyambira 1 mpaka 7. Pa Level 1 pali cartwheel, round-off ndi walkover, ndipo flyer, munthu wonyamulidwayo, amakwezedwa kufika pa chifuwa, pamene amati prep. Level 2 ndi pamene back handspring, kudumpha chambuyo n'kutera pa manja kenako pa mapazi, imalowa. Level 3 imafuna tuck (kugubuduka m'malere mawondo atapindidwa) yothamangira ndi kukweza munthu pa mwendo umodzi manja atatambasuka. Level 4 imafuna tuck ya chiimire ndi layout (kugubuduka m'malere thupi litawongoka), Level 5 full (layout yozungulira kamodzi), Level 6 double full (yozungulira kawiri). Matimu ambiri a ku America amene amapita ku Cheerleading Worlds, mpikisano wochitikira ku Orlando chiyambire 2004, nthawi zambiri mwezi wa April, ndi a Level 6 ndi 7.

Mtsikana amene ukumuona akuzungulira kawiri m'malere atavala yunifolomu ya Cheer Athletics ya ku Plano, kufupi ndi kwanu komweko, kapena ya Top Gun ya ku Miami, nthawi zambiri anayamba ali ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Wagubuduka zaka khumi. Thupi lake linaphunzira kudziwa pamene pali pansi lili mozondoka nthawi imene mantha anali asanamere. Iwe watsala ndi nyengo ziwiri kapena zitatu m'gulu la Senior, la achinyamata a msinkhu wako. Kuchoka pa cartwheel yokhota kufika pa double full m'nthawi imeneyo, ndikuuze mosabisa, usakuike pa mapulani ako. Tumbling sifulumizika. Pa level iliyonse pali luso limodzi lalikulu limene limadya miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu, ndipo amene walidumpha amabwezedwa ndi thupi lake lomwe.

Koma tumbling ndi mbali imodzi yokha ya pepala la oweruza, ndipo apa ndi pamene mphunzitsi uja sanakuuze zonse. Gulu limodzi la stunt limakhala ndi anthu anayi: flyer m'mwamba, main base ndi side base m'mbali, back spot kumbuyo. Pa anthu anayi alionse, atatu ali pansi. Timu ya anthu 20 ikufuna ma flyer asanu okha koma onyamula 15. Ndipo kunyamula kumaphunzirika msanga kwambiri kuposa kugubuduka ngati munthu ali kale ndi miyendo yamphamvu, amamva kuwerenga, ndipo sathawa chinthu chikamagwera kwa iye. Wa ntchemberembaye anazolowera kudumpha, kutera ndi mawondo ofewa, kuwakha ali pa liwiro, ndi kudziwa pamene mnzake waima osamuyang'ana. Zimenezi si zochepa ayi.

Pali zitseko ziwiri zimene zinakhala ngati zinapangidwira anthu onga iwe. Choyamba ndi Level 4.2, pamene stunt ndi za Level 4 koma tumbling imathera pa Level 2, kutanthauza kuti back handspring yoyera ikukwanira. Chachiwiri ndi magulu a Non-Tumbling, amene tumbling saiwerengera n'komwe, ndipo ali ndi mpikisano wawo ku Worlds komweko pa ma level apamwamba. Onjezerapo magulu a Open, amene sakutulutsa chifukwa wakula. Anthu a zaka 22, 25, amapikisana mmenemo. Choncho nthawi yako siikuthera pa zaka 18. Malire a zaka amasinthidwa pafupipafupi, ndiye funsa ku gym akuonetse tebulo la zaka la nyengo imene ukufuna kulowa.

Pali chinthu chimene chimandipweteka. Pafupifupi aliyense woyamba mochedwa amafuna kukhala flyer, chifukwa ndiye amaoneka pa zithunzi za Instagram. Ine ndimati ndi kulakwa, ndipo sindisintha maganizo. Flyer wa level yapamwamba ayenera kukoka heel stretch, arabesque, scale ndi bow and arrow ataima pa dzanja la munthu, mwendo wapansi uli chilili, thupi lonse litamangika ngati mtengo. Kufewa kwa msana ndi ntchafu kumeneko kumatenga zaka, ndipo malo ndi ochepa, opikisana nawo ndi ana amene anakulira m'mwamba. Back spot wabwino ndiye amasowa. Ndiye amawerenga, ndiye amagwira akakolo n'kuwakokera m'mwamba kuti ma base apepukidwe, ndiye amayamba kufikira mutu ndi khosi la flyer zinthu zikasokonekera. Mphunzitsi aliyense wodziwa ntchito amasunga back spot amene sagwetsa munthu, ngakhale tumbling yake ithere pa round-off. Pa nthawi ya tumbling amamuika kumbuyo, amanjuta pansi, ena n'kumadutsa kutsogolo kwake. Oweruza amawerenga kuchuluka kwa anthu a m'timu amene achita luso, safuna kuti aliyense achite. Ngati ndiwe wamtali, malo ako ndi amenewo.

Za matiresi a kuchipinda ndizibwereze, chifukwa makanema a pa TikTok ndi YouTube akupusitsa ana ambiri. Back handspring imaoneka ngati kungodziponya chambuyo. Zoona zake n'zakuti umayamba ngati ukukhala pa mpando umene palibe, mawondo osapitirira zala za kuphazi, kenako umakankha pansi kupita kumbuyo ndi m'mwamba, manja ali pa makutu, zigongono zolimba. Wophunzira yekha amalakwitsa zinthu zitatu, zomwezomwezo nthawi zonse. Amaponya mutu manja asanafike, ndiye manja amatsalira n'kutera ndi chipumi. Amalola mawondo kupita kutsogolo, ndiye m'malo motalika amakwera m'mwamba n'kugwera pomwe anayambira, kulemera konse n'kuthera pa dzanja. Kapena amasintha maganizo ali m'malere, amene ndi oopsa kuposa onse chifukwa amatera ndi khosi. Mu 2012 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linanena kuti pa zovulala zoopsa kwambiri za atsikana a masewera m'masukulu a sekondale, pafupifupi ziwiri mwa zitatu zilizonse zinkachokera ku cheerleading. Ndipo kugwa koipa kamodzi kumabereka chimene amati mental block: thupi limangokana kupita chambuyo ngakhale luso linalipo kale. Ena amalimbana nacho nyengo yathunthu.

Makolo nawo afunika kuwakhazika pansi bwinobwino, chifukwa ambiri a kwathu akamva cheerleading amaganiza za atsikana ogwedeza ma pom pom m'mbali mwa bwalo la mpira. Mbiri yake inayambiradi kumeneko, ndi mnyamata wotchedwa Johnny Campbell akutsogolera kukuwa pa University of Minnesota mu 1898. Koma lero International Cheer Union inavomerezedwa kwathunthu ndi komiti ya Olympics mu 2021, mayiko amatumiza matimu awo, ndipo ngakhale ku South Africa kuli bungwe la SAMCA loyendetsa masewerawa. Aonetse makolo kanema wa timu ya Non-Tumbling, aone okha kuti ndi ntchito ya thukuta. Uwauzenso za ndalama usanasaine chilichonse, chifukwa all-star ndi yodula: malipiro a mwezi ndi mwezi, yunifolomu, nsapato, ndalama za mpikisano uliwonse, nyimbo, choreography, mayendedwe ndi mahotela. Pempha pepala la ndalama za nyengo yonse. Kusiya timu pakati pa nyengo kumagwetsa gulu lonse la stunt, anthu atatu amatsala opanda chochita, ndipo m'masewera ano mbiri yotere imayenda msanga. Matimu a gulu lotchedwa Prep (osati prep ya stunt ija) ndi a theka la chaka ndi otsika mtengo ndipo ndi poyambira pabwino.

Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba

Lowa kalasi ya tumbling kawiri pa sabata ndi kalasi ya stunt kamodzi, pa gym yokhala ndi aphunzitsi ovomerezeka ndi zida zoyenera: matiresi otsetsereka amene amati cheese mat, mbiya yogubuduzira, ndi tumble track, yomwe ndi trampoline yaitali. Ndondomeko ya tumbling usaisinthe. Handstand yotsamira khoma kufikira utatha kukhala masekondi 45 mimba itamangika, msana wosapindika. Bridge imene mapewa afika pamwamba pa manja, chifukwa mapewa ouma ndi amene amachititsa kuti msana wa m'munsi uzipweteka. Kenako cartwheel yowongoka mbali zonse ziwiri, round-off imene mapazi amatera pamodzi n'kukudumphitsa, back walkover, ndipo pamenepo m'pamene back handspring imayamba, pa mbiya, mphunzitsi atakugwira.

Kunyumba chita zimene sizingakuthyole. Katatu pa sabata: squat maulendo atatu a 12, lunge chimodzimodzi, push-up, kukweza cholemera pamwamba pa mutu, ndi hollow hold (kugona chagada, mapewa ndi miyendo zitakwezedwa pang'ono) ya masekondi 30 katatu. Tambasula thupi likatentha, osati lisanatenthe, masekondi 30 mpaka 60 pa malo alionse. Pokonzekera toe touch, kudumpha kotambasula miyendo m'malere, khala pansi miyendo itatambasuka, manja kutsogolo, kweza miyendo ka 20. Toe touch imakwera chifukwa cha kutembenuza chiuno kuti mawondo ayang'ane kumwamba, chifuwa chili chilili. Amene amawerama kufunafuna zala zake amatsitsa kudumpha konse. Ma motion, kaimikidwe ka manja monga high V, low V ndi T, uziwachita pa galasi mowerenga 1 mpaka 8, zibakera zolimba, manja pang'ono kutsogolo moti uziwaona ndi kona ya diso. Izi sizifuna luso lobadwa nalo, ndipo woyamba kumene amadziwika ndi manja olendewera.

Pa kunyamula, mphamvu ichoke m'miyendo. Ma base awiri ayandikane, misana yowongoka, zigongono pafupi ndi nthiti, phazi la flyer lithere pansi pa chibwano pa prep. Stunt zambiri za oyamba zimagwa pa zifukwa zitatu: base mmodzi wanjuta mochedwa kuposa mnzake, ma base atalikirana ndiye miyendo ya flyer yatanyuka, kapena wina wapinda msana n'kukankhira mimba kutsogolo. Maso akhale pa flyer nthawi zonse. Pa cradle, pamene flyer amatsika n'kugwera m'manja mwanu, muwakhe manja ali m'mwamba n'kutsika naye ndi mawondo. Ukadikira kuti akupeze m'munsi, kulemera kwake kumathera pa msana wako.

Ma tryout ambiri, mayeso olowera timu, ku America amachitika mwezi wa May, Worlds ndi mpikisano wina waukulu wotchedwa The Summit zikangotha. Usakanene kuti uli ndi luso limene umalichita kamodzi pa maulendo asanu. Onetsa chimene chili choyera, uwauze kuti ukufuna kuphunzira malo onse atatu apansi, ndipo akakuika pa Senior Level 1 kapena 2, landira ndi manja awiri. Nyengo imeneyo ndi imene udzaphunzire kumaliza routine yonse mpweya utatha koma osagwetsa, chimene amati hit zero. Chaka chachiwiri loza Level 3 kapena 4.2. Chaka chachitatu kapena chachinayi, ngati manja ako adziwika kuti ndi odalirika, kayese timu ya Non-Tumbling kapena ya Open imene imafunafuna bid, chilolezo chopikisana ku Worlds. Ukasankha gym, funsiratu ngati ali ndi matimu amenewa, chifukwa si onse ali nawo, ndipo upemphe kuonerera practice imodzi uone ngati mphunzitsi amaimitsa stunt ikayamba kugwa mobwerezabwereza kapena amangoti bwerezani.