Pulogalamu ya bajeti ikuti ndilipire madola: ndilipire kapena ndisamuke?

Alangizi,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimaweta nkhuku zanyama komanso ndili ndi kagolosale pakhomo. Kuyambira chaka chatha ndimalemba ndalama zanga zonse m'pulogalamu ina ya bajeti imene mwana wanga anandiikira pafoni. Inali yaulere. Tsopano ikuti maakaunti (zigawo zolembamo ndalama za malo osiyanasiyana) amene ndinatsegula akwana, ndipo ngati ndikufuna kuwonjezera ena kapena kusunga zolemba zanga pa intaneti, ndizilipira madola 5 pamwezi kuti ndilowe Premium. Ndilipire? Foni nayonso yayamba kumazima yokha, ndiye ndikufuna kugula ina mwezi wamawa, koma sindikudziwa kuti zimene ndinalemba zisamuka bwanji. China chikundidabwitsa n'chakuti pulogalamuyi imati ndimawononga ndalama zambiri kuposa zimene ndimapeza, chonsecho ndilibe ngongole kwa munthu aliyense.

Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

Mayi, ndiyamba ndi za foniyo, chifukwa zinazo zikhoza kudikira koma zimenezi ayi.

Foni ikayamba kumazima yokha, tsiku lina idzazima osayakanso. Mapulogalamu ambiri aulere amasunga zimene mwalemba m'foni momwemo, ndipo n'chifukwa chake kusunga pa intaneti akukugulitsani. Lero lomwe, mwana wanuyo akafika, mukhale naye pansi, mutsegule Settings ya pulogalamuyo ndipo mufufuze mawu awiri: Backup ndi Export. Backup imapanga fayilo imene imatseguka m'pulogalamu yomweyo basi, ndipo ndi imene mudzagwiritse ntchito pafoni yatsopano ngati mupitiriza nayo. Export imakupatsani fayilo ya CSV kapena ya Excel, womwe ndi mndandanda wamba wa tsiku, ndalama, gulu lake ndi ndemanga. Imeneyi imatseguka pa kompyuta iliyonse, ngakhale kuisindikiza papepala n'kotheka. Pangani zonse ziwiri, mudzitumizire pa imelo, zina muike pa memory card. Mukatero muitsegule CSV ija, muone ndi maso anu kuti miyezi yonse ilimo. Pali anthu amene anasunga fayilo bwinobwino, kudzaitsegula pa tsiku la mavuto n'kupezamo mwezi umodzi wokha.

Mukapeza kuti Export nayonso anaitsekera ku Premium, apo ndiye lipirani mwezi umodzi, mutulutse zolemba zanu, kenako muimitse kulipirako. Pamenepa pokha ndi pamene ndinganene kuti lipirani mosaganiza kawiri.

Ndikulimbikira zimenezi chifukwa pulogalamu ili ngati nyumba ya lendi: katundu ndi wanu, koma mwini nyumba akhoza kukweza lendi kapena kugulitsa nyumbayo osakufunsani. Zachitikapo kwa makampani akuluakulu. Microsoft inasiya kugulitsa pulogalamu yake ya Money mu 2009. Mint, imene anthu mamiliyoni ku America ndi ku Canada ankalembamo bajeti kwaulere, eni ake a Intuit anaitseka mu March 2024 n'kuuza anthu kuti apite ku pulogalamu yawo ina ya Credit Karma. Quicken ndi YNAB, mapulogalamu enanso a bajeti, kale munthu ankagula kamodzi n'kumagwiritsa ntchito zaka, koma pano zonse ziwiri n'zolipira chaka ndi chaka kapena mwezi ndi mwezi. Ngati zikuluzikuluzi zinasintha chonchi, kapulogalamu ka m'foni mwanu musakakhulupirire kuti kadzakhalapobe zaka zisanu zikubwerazi.

Tsopano za madola 5 aja. Akumveka ochepa, koma inu mumagulitsa nkhuku m'makwacha. Mu November 2023 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene ankalipira madola 5 anagona akulipira K5,900, kudzuka akulipira K8,500, pulogalamu ili yomwe ija. Pamtengo wa K1,700 womwewo, pachaka ndi K102,000. Werengani nokha kuti ndi anapiye angati. Onjezanipo kuti kulipirako kumafuna khadi lololedwa kugula zinthu kunja, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene tili nakoku, khadi likhoza kukana mwezi wina, pulogalamu n'kukutsekerani zina ndi zina pakati pa mwezi.

Funso loti mudzifunse n'lakuti: pa zimene akugulitsa mu Premium, ndi ziti zimene ndizigwiritsadi ntchito? Chinthu chachikulu chimene mapulogalamu amenewa amanyadira ndi kulumikiza akaunti ya ku banki, kuti ukangogula chinthu ndi khadi, chizilembeka chokha. Zimenezi anapangira anthu amene ndalama zawo zonse zimadutsa ku banki. Mint inkalumikiza mabanki a ku America ndi Canada okha. YNAB imalumikiza a ku America, Canada, Britain ndi maiko ena a ku Ulaya. Ndalama zanu zimayenda pa Airtel Money, pa Mpamba, ndi m'kachitini ka pagolosale. Musanalipire, fufuzani pamndandanda wawo wa mabanki ngati yanu ilipo. Ngati palibe, ndiye kuti muzilembabe pamanja ngati kale, koma mukulipirira zimene akudyerera ena.

Vuto la kuchepa kwa maakaunti, limenelo ndi lenileni, ndipo likugwirizana ndi funso lanu lomaliza, lomwe kwa ine ndilo lofunika kuposa onse.

Zolemba zanu sindinazione, koma munthu akati pulogalamu ikuonetsa kuti amawononga zambiri pamene alibe ngongole, kawirikawiri amakhala akuwerenga ndalama imodzi kawiri. Tiyerekeze kuti wa lesitilanti watenga nkhuku n'kukutumizirani K150,000 pa Mpamba. Mwalemba kuti zalowa, zili bwino. Mawa lake mwapita kwa ejenti, mwatapa K100,000, mwalemba kuti zatuluka. Mwakwera minibasi kupita ku Limbe, mwagula chakudya cha nkhuku cha K100,000 yomweyo, mwalembanso kuti zatuluka. Pulogalamu ikuona K200,000 yotuluka pa K150,000 yolowa, ndipo ikukufiiritsirani manambala ngati mwalowa m'mavuto. Chonsecho kwa ejenti kuja simunawononge kanthu kupatula kandalama kamene anakudulani potapa. Ndalama inangochoka pafoni n'kulowa m'chikwama. Pulogalamu iliyonse yabwino ili ndi batani lachitatu pambali pa Income ndi Expense, lolembedwa Transfer. Kutapa, kuika ndalama pafoni, kukoka ku banki kupita pa Airtel Money, zonsezi ndi Transfer. Chodulidwa chija chokha ndicho mulembe ngati chotuluka, ndipo muchipatse gulu lakelake, chifukwa pakutha pa mwezi mudzadabwa kuti tindalama timeneti tafika pati.

Chipereganyu nachonso chimasokoneza ambiri. Mukasonkha K20,000 simunaiwononge, ndipo tsiku limene mwalandira K200,000 simunapindule. Ndi ndalama zanu zomwe zikuzungulira. Chitseguleni ngati akaunti, muzichita Transfer popereka ndi polandira. Mukalandira koyambirira, akauntiyo ionetsa kuti muli ndi ngongole kwa anzanu, ndipo n'zoona. Ku banki m'khonde chimodzimodzi: masheya amene mukugula ndi ndalama zosunga, ngongole imene mwatenga si phindu la bizinesi, ndipo pobweza, chiwongoladzanja chokha ndicho chawonongeka.

Ndiye taonani kuti munthu ngati inu mukufunika maakaunti angati: ndalama za m'manja za bizinesi, za m'manja za pakhomo, Mpamba, Airtel Money, banki, chipereganyu, banki m'khonde. Za bizinesi ndi za pakhomo ndazisiyanitsa dala. Shuga ndi sopo amene ana amatenga pashelefu ya golosale, ndi nkhuku imene mumapha akabwera alendo, zilembedwe kuti pakhomo pagula kubizinesi. Kupanda kutero, mpamba wa bizinesi umatha pang'onopang'ono m'buku mukuoneka bwino. Njira yosavuta ndi kudziikira malipiro a pamwezi ochokera kubizinesi, pakhomo n'kumadya pamenepo.

Kotero pulogalamu yopereka maakaunti awiri kapena atatu okha yakucheperanidi. Koma kukucheperani sikutanthauza kuti mulipire madola. Money Manager Ex ndi yaulere, ilipo ya pafoni za Android ndi ya pa kompyuta, ndipo siikuwerengerani maakaunti. Ngati pakhomo pali laputopu, GnuCash ndi yaulerenso, imagwira popanda intaneti, kwacha imaidziwa, ndipo ndalama iliyonse imafuna kuti munene kumene yachokera ndi kumene yapita, choncho kuwerenga kawiri kuja kumavuta kuchitika. Sindikubisirani, masiku oyambirira GnuCash imazunguza mutu, imaoneka ngati buku la akauntanti. Ena amangokhazikika pa Excel kapena Google Sheets, ndipo kwa munthu wosunga mwambo wolemba tsiku ndi tsiku zimakwanira. Ine ndikanakhala inu ndikanayesa Money Manager Ex pafoni yatsopanoyo kwa mwezi wathunthu ndisanaganize zolipira kulikonse. Premium ndingaivomereze ngati inu ndi bambo a kunyumba, kapena amene amakugulitsirani pagolosale, mukufunika kumalemba m'buku limodzi aliyense pafoni yake, ndipo mwayesa n'kuona kuti zikuyenda.

Posamuka, sankhani tsiku lomaliza la mwezi. Madzulo ake werengani ndalama za m'chitini, funsani balansi ya Mpamba, ya Airtel Money ndi ya ku banki, mulembe manambalawo m'kope ndi bolopeni. M'pulogalamu yatsopano, akaunti iliyonse iyambire pa nambala imeneyo. Mbiri yakale simukakamizidwa kuilowetsa, makamaka poti ili ndi zowerengedwa kawiri; CSV ija ikhale yoonerapo basi. Mukafuna kuilowetsa ndithu, samalani ndi madeti. Mapulogalamu a ku America amayamba ndi mwezi, choncho 03/04/2025 kwa iwo ndi 4 March pamene kwa ife ndi 3 April. Mukapanda kusankha bwino, fizi ya teremu ina ikagwera mwezi wina, ndipo madeti opitirira 12 akhoza kukanidwa. Foni yakaleyo musaigulitse kapena kuifufuta mpaka mwezi utatha manambala akugwirizana.

Magulu a zowonongera amene mudzawapeze m'menemo, monga a ngongole ya nyumba, a jimu ndi a chakudya cha agalu, afufuteni muike anu: chimanga ndi chigayo, makala, mayunitsi a ESCOM, madzi, bandulo, kabaza, chachikhumi, zotumiza kumudzi, maliro ndi maukwati. Zimene zimabwera mwa apo ndi apo koma zikuluzikulu, monga fizi katatu pachaka, feteleza mvula isanagwe ndi chimanga chogula nthawi yokolola, zigaweni pa miyezi 12 muziika padera mwezi uliwonse. Ndi mmene mitengo ikukwereramu, manambala a bajeti muziwaonanso mwezi ndi mwezi, osangokopera a chaka chatha.

Pali anyamata ena amene angakuuzeni kuti ali ndi Premium yaulere, akutumizirani pa WhatsApp. Kanani. Pulogalamu yothyoledwa simudziwa chimene anaikamo, ndipo mukuilowetsa m'foni momwe muli ndalama zanu. Ngakhale yochokera ku Play Store, ikapempha kuwerenga ma SMS ganizani kawiri, chifukwa manambala achinsinsi amene banki imatumiza amabwera momwemo. PIN ya Mpamba kapena ya Airtel Money pulogalamu ya bajeti ilibe nayo ntchito. Ndipo mukalipira mwezi umodzi uja, dziwani kuti kuchotsa pulogalamu m'foni sikuimitsa kulipira. Mulowe mu Play Store, pa Payments and subscriptions, muimitsire pamenepo, apo ayi khadi lizingodulidwa.

Alangizi,

Ndinapuma pantchito ya uphunzitsi. Kwa zaka zambiri ndalemba penshoni ndi lendi ya nyumba zanga ziwiri mu Microsoft Money, pa laputopu ya Windows 7. Mwana wanga wa ku Johannesburg wanditumizira laputopu yatsopano. Kodi ndisamuke kapena ndikhalebe pa yakaleyi, poti ikugwirabe?

Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

Bambo, Money yokhayo ilibe vuto ngati ikukulemberani bwino, koma laputopu imene ilimoyo ndi imene ikundidetsa nkhawa. Windows 7 Microsoft inasiya kuisamalira mu January 2020, choncho musalowe nayo pa intaneti, makamaka ku banki. Choyamba koperani fayilo yanu ya Money, imene dzina lake limathera ndi .mny, muike pa flash ziwiri. Kenako mu Money momwemo pitani pa File, musankhe Export, mutulutse akaunti iliyonse payokha ngati fayilo ya QIF. GnuCash imalandira QIF, ndipo ndi bwino kulowetsa mafayilo onse nthawi imodzi kuti izindikire ndalama zimene zinkachoka akaunti ina kupita ina, isazilembe kawiri. Mukamaliza, yerekezani balansi ya akaunti iliyonse pa malaputopu awiriwo. Zikasiyana, yambani kufufuza pa ma Transfer ndi pa madeti. Lendi ya nyumba iliyonse muipatse gulu lake, pamodzi ndi zokonzetsera zake, kuti muziona imene ikukudyerani ndalama. Yakaleyo muisunge m'kabati osaifufuta, mpaka mutatseka miyezi iwiri kapena itatu pa yatsopanoyo popanda chosokonekera.