Yankho: Kodi tarantula woweta akaluma munthu, n'zoopsa?

Achemwali, mwafunsa ngati mungalole mwana wanu kuweta tarantula, kangaude wamkulu waubweya. Zimatengera kumene kangaudeyo akuchokera.

A ku America, monga Chilean rose, ululu wawo ndi wochepa: kuwawa ngati mbola ya njuchi, kutupa pang'ono, basi. Chimene ine ndimaopa ndi ubweya wa pamimba pawo. Akapsa mtima amauthothola ndi miyendo yakumbuyo n'kuumwaza. Pakhungu umayabwa ngati chitedze, koma ukalowa m'diso umabaya n'kukhazikika, ndipo diso limatha kuvuta kwa miyezi. Mwana asayandikize nkhope, asatikite m'maso asanasambe m'manja.

A ku Africa ndi ku Asia alibe ubweya umenewu, koma ndi aukali. Poecilotheria wa ku India ndi Sri Lanka akakuluma, minofu imakokana mowawa kwa masiku angapo. Amenewa musamugulire mwana, chonde.

Akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo, ikanipo nsalu yozizira, ndipo funsani za katemera wa kafumbata. Akayamba kubanika, kutupa nkhope, kapena ubweya ukalowa m'diso, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.