Funsani Adokotala: Kachipangizo koyezera shuga komata pamkono

Funso: Adokotala, amayi anga ali ndi matenda a shuga ndipo zala zawo zatupa ndi kubaya tsiku ndi tsiku. Achemwali anga a ku Johannesburg akufuna kuwatumizira kachipangizo komata pamkono. Kodi kamakoka magazi kokha? Wowerenga, Zomba.

Yankho: Ayi, sikakoka magazi. Kachipangizo ngati FreeStyle Libre ka kampani ya Abbott kali ndi kaulusi kofewa, kotalika pafupifupi mamilimita 5, kamene kamakhala pansi pa khungu n'kumayeza shuga wa m'madzi a m'minofu. Shuga amayamba wakwera m'magazi asanafike m'madzimo, choncho nambala ya shuga imene kachipangizoka kamaonetsa pafoni imachedwerapo ndi mphindi 5 mpaka 15, makamaka munthu akangodya kumene.

Kamamatidwa kuseri kwa mkono, pakati pa phewa ndi chigongono. Sambitsanipo ndi sopo, pukutani ndi sipiriti, ndipo dikirani paume; asadzolepo mafuta. Mukadina choikiracho, singano imalowetsa kaulusi n'kubwerera pomwepo. Kamayamba kuwerenga pakatha ola limodzi, ndipo pakatha masiku 14 kamafunika katsopano. Pamenepa ndi pamene thumba limalira, ndiye achemwali anuwo adziwiretu.

Zovuta zake zilipo. Kutentha kwa mu Okutobala kumayambitsa thukuta limene limamatula zomatira, ndipo kakagwa sikabwezeredwanso. Akagonera mkono womwewo, madzi a m'minofu amafinyika ndipo kamanama kuti shuga watsika. Mapiritsi a vitamini C opitirira 500 mg patsiku angakweze nambala ya Libre 2 monama, ndipo hydroxyurea, amene amamwa odwala sickle cell, amachita chimodzimodzi pa tizipangizo ta kampani ina ya Dexcom.

Musataye makina obaya pachala aja. Nambala ikatsutsana ndi mmene amayi akumvera, yezani pachala. Shuga akakhala pansi pa 3.9 mmol/L, apatseni masupuni atiyi atatu kapena anayi a shuga m'madzi, muyezenso pakatha mphindi 15. Ngati akomoka, musawamwetse kanthu, thamangani nawo kuchipatala. Asasinthe mlingo wa insulin asanakambirane ndi a ku kiliniki ya shuga.

Funso: Kodi munthu angasambe atavala kachipangizoka? Mayi wa ku Mchinji.

Yankho: Inde mayi, sambani. Libre imapirira madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Podzikhula ndi popukuta ndi thaulo, lambalalani pamene pali kachipangizopo.