Tsabola, kwinini ndi mtima: zonsezi zimawawa bwanji?

Mayi wina wa ku Ntcheu akufunsa: "Mwana wanga analawa mandimu n'kunena kuti ndi owawa. Ndinamuwongolera kuti ndi owawasa, koma bambo ake akuti zonse n'chimodzimodzi. Akulondola ndani?"

Mukulondola ndinu, mayi, ndipo musaleke kumuwongolera. Kuwawasa ndi kwa mandimu, bwemba, malambe ndi mango osapsa. Kumakwinyitsa nkhope n'kudzaza malovu m'kamwa, komabe munthu umafuna kulumanso. Kuwawa ndi kwa masamba a nimu, kapena nyama ya nkhuku imene ndulu yaphulikirapo potumbula. Kumeneko palibe wofuna kubwereza.

Palinso mawu achitatu amene amasokonekera ndi awiriwa: kusasa. Chinthu chosasa chinali bwino poyamba, kenako chatembenuka. Mkaka umasasa, thobwa logonera masiku limasasa, koma mandimu sasasa chifukwa anabadwa owawasa. Mawu a munthu amene wachezera kuimba usiku wonse nawonso amasasa, ngakhale palibe anawalawapo.

Mphunzitsi wina wa ku Zomba walemba kuti: "Tsabola amawawa, mankhwala amawawa, ndiwo zimawawa mchere, mutu umawawa. Kodi si umboni woti Chichewa n'chosauka mawu?"

Aphunzitsi, apa ndikukanirani. Chiyankhulo chilichonse chimagawa zinthu m'magulu mwa njira yakeyake, ndipo gulu la kuwawa lili ndi nzeru yake. Taonani zimene mwatchulazo: zonse ndi zinthu zimene thupi likuzikana. Kuwawa sikunena za lilime lokha, kumanena za chilichonse chimene chikukuvutitsa mpaka kufuna kuti chileke.

Pa tsabola, asayansi ali mbali yathu. Lilime limazindikira makomedwe asanu okha, ndipo ukali wa tsabola suli m'gulu limenelo. Mu tsabola muli mankhwala otchedwa capsaicin amene amadzutsa mitsempha yomvera kutentha ndi ululu. N'chifukwa chake kambuzi amawawa ngakhale m'maso kapena pachilonda, pomwe kwinini, mankhwala owawa kwambiri a malungo, mukamupaka pakhungu simumva kanthu. Ndiye amene anayamba kunena kuti tsabola akuwawa monga mmene limawawira dzino sanaphonye. Mwambi uja wakuti tsabola wakale sawawa umanenanso za ukali womwewu, ukali umene umatha mphamvu pakapita nthawi.

Kuwawa kwenikweni kwa palilime nthawi zambiri ndi chenjezo. Anthu a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota amadziwa bwino kuti chinangwa chowawa sadya chachiwisi. Chili ndi poizoni wa cyanide, ndiye amachiviika m'madzi masiku angapo, kuchiyanika, kenako n'kusinja ufa wa kondowole. Mankhwala ambiri a malungo nawo anatchuka ndi kuwawa. Kwinini amachokera ku makungwa a mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo akatswiri awiri a ku France anamupatula m'makungwamo mu 1820. Amene anakula dziko lino lisanasiye mankhwala ena a malungo otchedwa chloroquine mu 1993 akukumbukira mmene ana ankalavulira mapiritsi aja.

Womvera sasokonezeka, pakuti dzina la chinthucho limamasulira lokha. Pamene pangakhale chikaiko timawonjezera liwu limodzi: zawawa mchere, zawawa tsabola. Ndipo mawu ena alipo. Ululu ndi wa bala kapena matenda, sungaugwiritse ntchito pa chakudya. Kupweteka kumalowa m'malo mwa kuwawa pa thupi (mutu ukundipweteka, mutu ukundiwawa), koma mukanena kuti mankhwala awa ndi opweteka, anthu amva kuti akhoza kuvulaza munthu, osati kuti ndi oipa m'kamwa.

Wina amene amalemba zotsatsa malonda akufunsa ngati angalembe kuti "mowa wowawa" pofotokoza makomedwe a mowa wa m'botolo.

Chenjerani nawo mawu amenewo. Pakati pa anthu akumwa, kunena kuti mowa ndi wowawa kawirikawiri kumatanthauza kuti ndi wamphamvu, woledzeretsa msanga. Kachasu amatchedwa wowawa chifukwa amawotcha kukhosi, osati chifukwa amafanana ndi nimu. Pamene mowa wa m'botolo, monga umene fakitale ya Carlsberg inayamba kufulula ku Blantyre mu 1968, uli ndi kuwawa kwina kochokera ku maluwa a chomera chotchedwa hops, amene amathiramo dala. Mowa ukhoza kukhala ndi hops wambiri koma mphamvu yochepa. Ndiye mukalemba "wowawa" basi, wogula ayembekezera ukali umene mulibe. Ine ndikanalemba kuti "wowawirako palilime" ponena za makomedwe, ndi "waukali" kapena "wamphamvu" ponena za kuledzeretsa. Masese akagonera sawawa, amasasa.

Tiyi ndi wosavuta. Wowawa ndi amene masamba achuluka, kapena amene shuga wachepa. Mlendo akakuuzani kuti tiyi akuwawa, musathamangire kukataya; musendezereni shuga.

Mlaliki wina akuti: "Ndimafuna mawu onena za munthu amene analakwiridwa kalekale koma mpaka lero mtima wake sunapole. Kodi ndinganene kuti ndi munthu wowawa?"

Abusa, mpingo ukhoza kukumvetsani, koma khutu la Mchewa likana. Mawuwo akumveka kuti anabwerekedwa kwina n'kuvekedwa zovala zathu. M'Chichewa munthu sawawa, amawawidwa. Chowawacho ndi chimene chamugwera, kapena chiwalo chimene chikumva: mawu aja andiwawa, imfa ya mwanayo inatiwawa, mtima ukundiwawa. Mukatembenuza chiganizo kuti munthuyo akhale patsogolo, mneni amasintha: wawawidwa mtima. Palinso kuwawitsa, monga ponena kuti ana awa akundiwawitsa mutu.

Komabe kuwawidwa mtima kumanena za bala lenilenilo, ndipo kulibe mlandu. Wamasiye amawawidwa mtima popanda kudana ndi wina aliyense. Zimene mukufuna inuyo ndi zina: kupwetekedwa kumene kwakhalitsa mpaka kusanduka udani wa kachetechete. Mawu ake tili nawo, ndipo ndi okoma kuposa obwerekawo. Timati munthu wasunga chakukhosi, kapena wasunga mangawa. Onani kuti apa Chichewa chachoka palilime n'kupita kukhosi, pamene chinthu chimaima osamezeka, osalavulika. N'chifukwa chake anthu akayanjana amati tilibenso chakukhosi, ndipo wokhutira amati kukhosi kwanga kwayera, kapena kuti kuli mbee.

Musasokonezenso ndi kupsa mtima. Kumeneko ndi kwa kanthawi, kumabwera ndi phokoso, ndipo wopsa mtima m'mawa akhoza kuseka nanu madzulo. Wachakukhosi amakupatsani moni bwinobwino kwa zaka khumi. Pa ulaliki wanu, ngati mukutonthoza olira nenani za kuwawidwa mtima. Ngati mukuyanjanitsa abale amene anakanganirana munda, nenani za chakukhosi.