Funsani Makaniko: Kodi Hilux yanga ingayendere saladi?

FUNSO: Amalume, ndine mlimi wa mpendadzuwa kuno ku Katete. Chaka chino ndayengetsa mafuta ambiri, zigubu zangoti mbwee m'nyumba. Ndili ndi Hilux yakale ya injini ya 3L imene ndimatutira katundu kupita ku Chipata. Mnzanga wina akuti kunja anthu amathira saladi m'thanki m'malo mwa dizilo, galimoto n'kumayenda bwinobwino. Kodi n'zoona, kapena akufuna kundiphetsa injini?
Mlimi, Katete

YANKHO: Bambo, mnzanuyo sananame, kungoti nkhaniyi wakuuzani theka. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto. Imafinya mpweya mpaka utenthe kwambiri, kenako nozo imapopera mafuta, iwo n'kuyaka okha. Mafuta a mbewu nawonso amayaka motero. Pa chionetsero cha ku Paris mu 1900 panali injini ya dizilo imene inkayendera mafuta a nshawa, ndipo Rudolf Diesel mwini wake, amene anayambitsa injini ya dizilo, anazitchulapo pambuyo pake. Ndiye kulira ilira ndithu, mwinanso mukafika nayo pa msika wa Kapata ku Chipata, ekizozi ikununkhira vitumbuwa. Nkhawa yanga ili pa miyezi yotsatira.

Tapani dizilo ndi supuni, mutapenso mafuta anuwo ndi supuni ina, mupendeketse zonse pamodzi. Dizilo amangoti chuu ngati madzi, pomwe mafuta a mpendadzuwa amatsika mwaulesi. Ndi olemera, ndiye kuti onanda, pafupifupi kakhumi kuposa dizilo, ndipo m'mawa wa mu Juni kuno kwathu amalimbiratu. Nozo inapangidwa kuti iziwaza mafuta ngati nkhungu. Mukaipatsa olemera imalavula madontho, ndipo madontho sapsa onse. Ena amasanduka mwaye wouma pakamwa pa nozo, ena amakamatira pa maring'i a pisitoni, otsalawo amatsetserekera pansi m'sampu kukasakanikirana ndi oilo.

Pamenepa ndiye pali imfa ya injini. Mukaona chiwaya cha amayi okazinga vitumbuwa pa msika, m'mphepete mwake muli zinthu zomata zofiirira zimene ngakhale mchenga umalephera kuchotsa. Amenewo ndi mafuta amene akumana ndi moto ndi mpweya nthawi yaitali, ndipo a mpendadzuwa amachita zimenezi msanga. Dizilo akalowa mu oilo wotentha, wina amauluka. Mafuta ophikira sauluka, amangounjikana. Ndinatsegulapo sampu ya kalole kena kamene mwini wake ankakamwetsa mafuta otsala kokazinga machipisi, osatenthetsa, osasefa. Titamasula nati ya pansi sipanatuluke kanthu. Tinachita kuchotsa sampu yonse, n'kupeza chiphala chakuda chonjenjemera ngati phala la dzulo, mnyamata wanga akuchikokota ndi chitsulo. Kasefa ka pampu ya oilo kanali katatsekeka, mabering'i atapita kale. Ndalama imene mkuluyo anapulumutsa pa dizilo inali yochepa poyerekeza ndi imene anasiya pa galaja.

Mwayi wanu ndi woti 3L ndi injini yachikale. Imapopera mafuta m'kachipinda kakang'ono ka m'hedi, mmene mpweya umazungulira mwamphamvu, choncho imapirira mafuta olemera kuposa injini zamakono. Ma Benz akale monga 240D ndi 300D ndiwo anatchuka kwambiri pa nkhani imeneyi, chifukwa pampu zawo za Bosch, zija za mapulanja (timapisitoni topopa mafuta) ondandana, n'zolimba. Pampu ya pa 3L ndi yozungulira, ndipo imadzozedwa ndi mafuta omwewo amene ikupopa. Mafuta ozizira olemera amaivutitsa.

Anthu amene amachita zimenezi mosamala amamanga mathanki awiri. Amalizira injini pa dizilo, amayenda mpaka singano ya kutentha ifike pakati, ndipo madzi otentha a mu injini amadutsa m'paipi yotenthetsa mafuta a m'thanki yachiwiri mpaka madigiri 70 kapena 80. Apo mafutawo amapepuka, ndipo m'pamene amatembenuza valavu. Akatsala pang'ono kufika amabwerera ku dizilo kuti pampu ndi manozo zigone zotsukika. Mukaiwala zimenezo madzulo, m'mawa mwake mudzaitana anyamata a pamudzi kuti akukankheni. Oilo amasintha msanga, pa theka la mtunda wa masiku onse, ndipo dipusitiki, kachitsulo koyezera oilo, amaiona m'mawa uliwonse. Oilo akamakwera m'malo motsika, dziwani kuti mafuta akulowa m'sampu. Ulendo wa Katete mpaka Chipata pa Great East Road ndi wokwanira kuti injini itenthe bwino, koma timaulendo ta kudimba n'kubwerera ayi.

Mafuta anu ongochoka pa makina nawonso sanayere. Muli tinyenyeswa ta keke, zotsala za mbewu zofinyidwa, ndi zonanda zimene zimatseka fyuluta. Amafunika kukhazikika m'diramu milungu ingapo, kutunga apamwamba okha, n'kusefa ndi sefa yabwino, osati chitenje. Dontho limodzi mulidonthezere pa chiwaya chotentha. Likathetheka, muli madzi, ndipo madzi ndi pampu sizigwirizana.

Koma ine, bambo, ndikanakhala inu sindikanathira. Funsani mtengo wa lita ya saladi pa Saturday Market, muonenso mtengo wa dizilo umene a ERB, bungwe loona za mitengo ya mafuta, alengeza posachedwapa. Nthawi zambiri saladi ndiyo imakhala pamwamba, ndipo lita yake imakoka pang'ono poyerekeza ndi lita ya dizilo. Gulitsani zigubuzo, mugule dizilo, chenji mugulire feteleza. Kuwotcha m'injini mafuta oti anthu akanatendera ndiwo kumandiwawa mumtima. Nzeru imeneyi imapindulira munthu amene akupeza mafuta otsala kwaulere, ndipo kuno kwathu mafuta a machipisi satsala, amakazingira mpaka atheretu.

FUNSO: Ine yanga ndi Hilux D-4D. Ndikasakaniza pang'ono chabe, malita awiri pa thanki yodzaza, palinso vuto?
Dalaivala, Mchini

YANKHO: Achimwene, musayerekeze. D-4D ndi common rail, injini yamakono imene manozo onse amalandira mafuta kuchokera m'paipi imodzi yopanikizidwa kwambiri. Mphamvu imene pampu yake imakankhira mafuta imapitirira ma bar 1,000 (bar ndi muyeso wa kupanikiza), ndipo timabowo ta manozo ake diso limachita kuvutika kutiona. Malita awiri sangakugwetseni pamsewu lero, koma phindu lake n'lotani? Nozo imodzi ya galimoto imeneyo mtengo wake mungagule nawo dizilo wa milungu yambiri, ndipo zilipo zinayi.

Mwina mwamva za biodiesel, n'kuganiza kuti ndi saladi yomweyi. Ayi. Kumeneko mafuta amawasakaniza ndi spiriti yapoizoni yotchedwa methanol pamodzi ndi kositiki soda, giliserini n'kukhazikika pansi, apamwambawo n'kupepuka kufanana ndi dizilo. Akatsukidwa ndi kuumitsidwa bwino amatha kusakanizidwa ndi dizilo pa mlingo umene buku la galimoto yanu lalola. Koma methanol amachititsa munthu kusaona ndipo amapha, soda amasupula khungu la m'manja. Si zophikira kuseri kwa nyumba kumene ana amasewera. Malita awiriwo kaperekeni kwa mayi a kunyumba.